Iwo analipira kawiri, kwinako tinawaulutsira ulere

Azakhali anga anandiimbira foni m'mawa, ndisanavule n'komwe nsapato, nditangofika kuchokera ku ntchito ya usiku. Masiku amenewo ndinali mkonzi wa nkhani pa wayilesi ina, ndipo kunali kutatsala milungu itatu kuti anthu akaponye voti.

"Mwanangu, koma bambo uja ndi woipa mtima chonchi? Kugulitsa malo a sukulu, ana n'kusowa pophunzirira?"

"Azakhali, nkhani imene ija si yoona. Tinanena dzulo lomwe kuti ndi bodza."

"Iwe, usandiyese mwana. Ndamva ndi makutu angawa. Sindinamve pa zamalonda ayi, ndamva pa nkhani. Pa nkhani zanu zomwezo."

Ndinakhala pansi foni ili kukhutu, mawu atandithera. Azakhali sankanama. Anamvadi pa nkhani, ndipo amene anaika zimenezo pa nkhani ndinali ine.

Zinayenda chonchi. Chipani china chinabweretsa uthenga wolipira wa masekondi 40. Unkayamba ndi belu la sukulu, kenaka phokoso la ana akusewera pabwalo, kenaka zii. Pakachetechetepo pankamveka mawu a mayi, otsika, osasa, ngati a munthu amene wachezera kulira, akunena kuti mkulu wa chipani chinacho anagulitsa malo a sukulu pamene anali pa udindo. Kumapeto belu linkaliranso kamodzi. Eni ake analipira kuti uulutsidwe kawiri kokha, masana, nthawi yotsika mtengo imene anthu ambiri amakhala ali kalikiliki ndi ntchito zawo.

Nditaumva ndinatuma mtolankhani wathu mmodzi kuti akafufuze. Dzuwa lisanalowe anabwera ndi mapepala. Malowo anagulitsidwadi, koma zaka ziwiri munthuyo asanalowe pa udindo, ndipo amene anasayina anali wina. Mtima wanga unadzaza ndi chimwemwe, chifukwa iyi ndi ntchito imene ndinaikonda kuyambira ndili wamng'ono: kugwira bodza pamkono anthu akuona. Ndinaiika kukhala nkhani yoyamba pa 7 koloko madzulo. Wowerenga nkhani anati chipani chakuti chatulutsa uthenga uwu, tamverani. Tinausewera wonse, belu, ana, mayi uja, mpaka belu lomaliza. Kenaka mtolankhani anawerenga zaka, maina a maofesi ndi nambala ya chikalata, masekondi 25. Tinabwereza pa 8 koloko, pa 9, pa 10, m'mawa pa 6 ndi pa 7.

Nditamaliza kulankhula ndi azakhali ndinatenga cholembera n'kuwerengera kuseri kwa envulopu. Iwo analipira kawiri, pa nthawi imene omvera ndi ochepa. Ife tinauulutsa kasanu ndi kamodzi, ulere, pa nthawi imene omvera ndi ochuluka kuposa nthawi ina iliyonse, ndiponso mkati mwa pulogalamu imene anthu amaikhulupirira kuposa ina iliyonse. Mawayilesi ena anatengera kwa ife. Nyuzipepala zinalemba mitu ikuluikulu imene munali mawu atatu aja: dzina la munthuyo, kugulitsa, sukulu.

Munthu samvera wayilesi ngati akulemba mayeso. Amamvera manja ali pa ntchito, mwana akulira, wina akugogoda pakhomo. Chimene chimalowa n'kukhazikika ndi belu ndi mawu a mayi wolira. Zaka ndi manambala a zikalata zimangodutsa ngati mphepo. Tsono pamwamba pa zonsezo, uthenga ukamveka pakati pa zamalonda, aliyense amadziwa kuti awa akudziyamikira okha ndi ndalama zawo, ndipo amamvera atatseka khutu limodzi. Ukamveka pa nkhani, makutu onse amatseguka. Chimene chipani chija sichikanatha kugula ndi ndalama ina iliyonse, chikhulupiriro chimene azakhali anali nacho pa nkhani za 7 koloko, ine ndinachipereka m'manja mwawo.

Panapita nthawi ndisanavomereze mumtima chimene chinali poyera: uthenga uja sanaupangire omvera a masana. Anaupangira ine. Inali nyambo, ndipo anadziwa bwino lomwe nsomba imene ankaifuna.

Nditayamba kuwerenga mbiri ya makampeni ndinapeza kuti msamphawu ndi wakale, ndipo wakola akuluakulu odziwa ntchito kundiposa. Pa 7 Seputembala 1964, pa kanema wa NBC ku America, gulu la Pulezidenti Lyndon Johnson linaonetsa uthenga wa mphindi imodzi. Kamtsikana kakuthothola duwa, kakuwerenga, kakusokoneza manambala monga achitira ana. Kenaka mawu a mwamuna akuwerenga chobwerera m'mbuyo, kamera ikulowa m'diso la mwanayo, ndiye bomba la nyukiliya phuu. Dzina la Barry Goldwater, amene ankapikisana ndi Johnson, silinatchulidwe ngakhale kamodzi. Uthengawo anaulipira kuti uonetsedwe usiku umodzi wokhawo, basi. Anthu anakwiya, mafoni analira, a chipani cha Goldwater anadandaula poyera, ndipo chifukwa cha mkwiyowo makanema ena, ABC ndi CBS, anauonetsa pa nkhani zawo zamadzulo. Chithunzi cha mwanayo chinafika mpaka pachikuto cha magazini ya Time. Johnson anapambana ndi mavoti 61 pa 100 alionse. Sindikunena kuti kamtsikanako ndi kamene kanamupambanitsa, popeza anali kale patsogolo, koma mpaka lero anthu akukambabe za uthenga umene eni ake analipira kamodzi kokha.

Ku Britain mu 1978 kampani ya Saatchi & Saatchi inapangira chipani cha Conservative chikwangwani chosonyeza mzere wautali, wokhotakhota, wa anthu osowa ntchito. Chinaikidwa m'malo ochepa chabe. Anthu a pa mzerewo sanali osowa ntchito enieni, anali achinyamata a chipanicho, ochepa, ojambulidwa mobwerezabwereza kuti aoneke ngati khamu. Nduna ya zachuma ya boma la Labour, Denis Healey, inadzudzula chikwangwanicho poyera. Kuti afotokoze chimene ndunayo ikukwiyira, a nyuzipepala anasindikiza chithunzicho, ndipo anthu amene sakanadutsa n'komwe pamsewu pamene chinali anachiona ali m'nyumba zawo. Margaret Thatcher, mtsogoleri wa chipani cha Conservative, anapambana chisankho cha 1979.

Taonani mmene zimalukanirana. Wopanga uthenga amadziwa kuti mtolankhani sangaulutse zoti chipani chikulonjeza misewu yabwino, chifukwa zipani zonse zimalonjeza. Chimene mtolankhani sangachisiye ndi mkangano. Ndiye amaika dala m'uthengamo kanthu kamodzi kopyola muyezo, kokwanira kuti winayo alumphe. Winayo akalumpha, nkhani yabadwa. Akapita kukhoti, nkhani yachiwiri. Wayilesi ikakana kuulutsa, yachitatu, yokoma koposa, chifukwa tsopano amatha kunena kuti akuwatseka pakamwa. Nthawi yonseyi funso limene dziko likukambirana ndi limene iwo analisankha. Ngakhale mtolankhani atanena kuti munthuyo sanagulitse malo a sukulu, milungu itatu yatha anthu akukamba za iyeyo ndi malo a sukulu, osati za zimene iye ankafuna kuuza anthu.

Mu Ogasiti 2004 gulu lotchedwa Swift Boat Veterans for Truth linatulutsa uthenga wonena kuti John Kerry, amene ankapikisana pa upulezidenti wa America, ananama za ntchito yake pa nkhondo ya ku Vietnam. Poyamba linagula nthawi m'zigawo zitatu zokha, Ohio, West Virginia ndi Wisconsin, ndi ndalama pafupifupi madola 500,000, zomwe pa kampeni ya pulezidenti wa dziko limenelo ndi zochepa kwambiri. Makanema oulutsa nkhani usana ndi usiku anautenga n'kumaubwereza, n'kumaitana anthu kuti akangane pa zimenezo. Mwezi usanathe, kafukufuku wa bungwe la Annenberg anapeza kuti oposa theka la anthu amene anafunsidwa anali atauona kapena kumva za uthengawo. Nyuzipepala zikuluzikulu zinafufuza n'kupeza kuti zolembedwa za asilikali apanyanja zinkagwirizana ndi Kerry, koma pofika apo mwezi wonse unali utathera pa kukayikira mamendulo ake.

Chitsanzo chimene chimandiwawa kwambiri ndi cha basi yofiira ya ku Britain mu 2016, pa referendamu yotuluka mu European Union (EU). Pambali pa basiyo analemba kuti dzikolo limatumiza mapaundi 350 miliyoni ku EU sabata iliyonse, ndalama zimene zikanapita kuzipatala. Nambalayo inali yosocheretsa, chifukwa sinachotsere ndalama zimene Britain ankachotseredwa asanatumize n'komwe, ndiponso zimene zinkabwerera. Bungwe la boma loona za ziwerengero linadzudzula. Atolankhani anagwira ntchito yawo, anatsutsa tsiku ndi tsiku, ndipo nthawi iliyonse akamatsutsa, basi ija inali pakanema, nambala ili gaa. Wina akati si 350 koma ndi yocheperapo, womvera wamba ankangomva kuti mulimonsemo ndi ndalama zankhaninkhani. Mkulu wa kampeniyo, Dominic Cummings, analemba yekha pambuyo pake kuti nthawi zina ankatchula nambalayo dala kuti aputire anthu mkangano. Apa mwini msampha anachita kunena ndi pakamwa pake, ndipo ndikamawerenga ndimaona envulopu yanga ija.

Pali njira ina yobisika kuposa kubwereza, imene mtolankhani amatengera mawu a uthenga osazindikira. Mu 1988 gulu lina lothandiza George Bush linaonetsa nkhope ya mkaidi wakuda amene anapalamula mlandu woopsa ataloledwa kutuluka m'ndende kwa masiku ochepa ku Massachusetts, kumene Michael Dukakis, amene ankapikisana ndi Bush pa upulezidenti, anali bwanamkubwa. Ndondomeko yotulutsa akaidi kwa kanthawiyo inayamba mu 1972, bwanamkubwa ali wa chipani cha Bush yemweyo, koma zimenezo sizinamveke kwenikweni. Uthengawo unamutcha mkaidiyo Willie Horton. Katswiri wofufuza za mauthenga andale, Kathleen Hall Jamieson, anasonyeza kuti mwini wake ankadzitcha William, ndipo atolankhani anangotola dzina la mu kampeni n'kumaligwiritsa ntchito ngati lenileni. Kanthu kakang'ono, koma kamaonetsa amene anagwira chiwongolero. Inenso ndinachita zomwezo. Sabata yonse ija, m'chipinda chathu cholembera nkhani ndi pa mphepo pomwe, tinkati "nkhani ya kugulitsa malo a sukulu". Sitinanene n'kamodzi komwe kuti "nkhani ya uthenga wabodza wa chipani chakuti". Dzina la nkhaniyo anatipatsa ndi iwo.

Chisankho cha 1988 chitatha, atolankhani ambiri ku America anachita manyazi, ndipo anayamba chizolowezi chounika mauthenga andale mawu ndi mawu. Cholinga chinali chabwino, chonga changa. Koma ofufuza awiri, Stephen Ansolabehere ndi Shanto Iyengar, ataonetsa anthu malipoti otere a mu kampeni ya 1992, anapeza kuti oonera ankatha kukopeka ndi yemwe uthenga wake ukudzudzulidwayo. Jamieson ndi anzake anapeza chimodzi mwa zifukwa zake: uthenga ukadzaza kanema yense, woonera amaulandira ngati uthenga, ndipo mawu a mtolankhani amangokhala phokoso lakumbali. Analangiza kuti uzionetsedwa m'kabokosi kakang'ono, kopendekeka, patali, ndipo mawu oti "bodza" kapena "zosocheretsa" azidindidwa pamwamba pake nthawi yomweyo imene bodzalo likunenedwa. Mtolankhani Brooks Jackson anagwiritsa ntchito njira imeneyi pa CNN, ndipo mu 2003 iye ndi Jamieson anayambitsa FactCheck.org, tsamba la pa intaneti lounika zonena za andale. Pa wayilesi palibe kabokosi. Khutu silitha kupendeketsa mawu. Ndikanadziwa zimenezi usiku uja, sindikanasewera belu lija.

Mtolankhani Lesley Stahl wa CBS amasimba zimene zinamuchitikira mu 1984. Anakonza lipoti lalitali, la mphindi pafupifupi zisanu ndi imodzi, losonyeza kusiyana kwa zithunzi za Pulezidenti Ronald Reagan ndi zochita za boma lake: apa akumwetulira pakati pa okalamba ndi olumala, apo bajeti yake ikudula thandizo la anthu omwewo. Ankayembekeza kuti a ku White House amukalipira. M'malo mwake mmodzi mwa akuluakulu, Richard Darman, anamuimbira foni kumuthokoza, namuuza kuti palibe anamva zimene iye ankanena, popeza zithunzi zikakhala zamphamvu zimameza mawu. Nditawerenga zimenezi ndinamva ngati mkuluyo akulankhula ndi mawu a azakhali anga.

Madzi amenewa sayenda mbali imodzi yokha. Andale nawo amatunga kwa atolankhani. Mutu wa nkhani umadulidwa n'kumatidwa mu uthenga wolipira, dzina la nyuzipepala likuoneka bwinobwino pamwamba, kuti woona aganize kuti si chipani chikunena koma nyuzipepala. Mu Januwale 2012 gulu la Mitt Romney linapanga uthenga umene pafupifupi wonse unali chidutswa cha nkhani za NBC za mu 1997, wowerenga nkhani Tom Brokaw akuwerenga za mlandu wa khalidwe wa Newt Gingrich, amene ankalimbirana ndi Romney mpando woimira chipani chawo pa upulezidenti. NBC inapempha kuti auchotse, ndipo kupemphako kunakhalanso nkhani, chidutswa chija n'kuonetsedwanso. Kwa ife zinafika sabata yomaliza ya kampeni. Chipani chija chinatulutsa uthenga wachiwiri, ndipo m'kati mwake munali mawu a wowerenga nkhani wathu, odulidwa pakati pa chiganizo, akuti "anagulitsa malo a sukulu". Mawu a kutsogolo akuti "chipani chikunena kuti" ndi a kumbuyo akuti "koma zikalata zikutsutsa" anali atawachotsa. Mayi ameneyo, munthu wosamala pa ntchito yake kuposa aliyense amene ndinagwirapo naye, anakhala mu situdiyo atagwira pakamwa, misozi ili m'maso.

Tsono pali nkhani ya ndalama, imene atolankhani sitikonda kuikamba pagulu. Nyengo ya kampeni ndi nyengo yokolola ku nyumba zoulutsira mawu. Wayilesi imene miyezi ina imachedwa kulipira antchito, nyengo imeneyi imapuma. Mu Febuluwale 2016 mkulu wa CBS, Leslie Moonves, anauza anthu a zamalonda mosabisa kuti mpikisano umene munali Donald Trump mwina sunali wabwino kwa America, koma unali wabwino kwambiri kwa CBS, ndalama zikungolowa. Mwezi wotsatira The New York Times inatulutsa kuwerengera kwa kampani ya mediaQuant: Trump anali atalandira nthawi yaulere m'nkhani yofanana ndi madola pafupifupi 2 biliyoni, pamene iye anali atawononga pafupifupi madola 10 miliyoni okha pa mauthenga a pakanema. Iye sankafunikanso kupanga uthenga wa masekondi 30. Mawu ochepa pa Twitter m'bandakucha ankagwira ntchito imene kamtsikana ka duwa kanagwira mu 1964, tsiku lililonse.

Pa wayilesi yaing'ono zimenezi sizibwera ndi mabiliyoni. Zimabwera ndi munthu wa ku ofesi ya zamalonda, mnzako amene mumaseka naye tsiku ndi tsiku, ataima pakhomo la chipinda cholembera nkhani, dzanja limodzi lili pachitseko. Ineyo zinandipeza masiku anayi chisankho chisanachitike. Tinali ndi nkhani yotsimikizika bwino yokhudza galimoto za boma pa msonkhano wa chipani china.

"Achimwene, nkhani ija ilipo lero?"

"Ilipo. Ndi yoyamba."

"Sindikuti muichotse ayi. Kungoti anthu aja akubwera mawa kudzasayina za masiku omalizawa. Mukudziwanso mmene zinthu zilili kumapeto a mwezi uno."

Sanaopseze, sanakweze mawu. Anangonena zoona, ndipo ine ndinkadziwa maina a anzanga amene anali ndi ngongole za sukulu ya ana. Nkhaniyo sindinaichotse. Ndinaitsitsa kuchoka pa yoyamba kufika pa yachisanu, ndinaidula masekondi 20, ndipo sindinaiike pa mitu ya nkhani. Palibe lamulo limene ndinaphwanya, ndipo womvera aliyense sakanatha kuloza chala. Koma ine ndikudziwa chifukwa chimene inatsikira. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo usiku umenewo ndinaona ndi maso anga tanthauzo lake.

Kumalo ena mpanda wa pakati pa nkhani ndi malonda unagweratu. Ku India, pa zisankho za 2009, mtolankhani P. Sainath anaonetsa mu The Hindu nkhani zoyamikira wandale mmodzi zimene zinatuluka m'nyuzipepala zosiyanasiyana, mawu ofanana ndendende, koma maina a olemba osiyana. Zinali zotsatsa zolipiridwa, zovekedwa malaya a nkhani. Ena opikisana anadandaula kuti akakana kulipira, dzina lawo silinkatuluka n'komwe. Bungwe la Press Council of India linafufuza mu 2010, ndipo mu 2011 bungwe loyendetsa zisankho linaletsa phungu wina wa ku Uttar Pradesh, Umlesh Yadav, kupikisana kwa zaka zitatu chifukwa chosalemba ndalama za nkhani zolipira m'kaundula wa zimene anawononga pa kampeni. N'zosavuta kunyansidwa ndi zimenezi uli patali. Koma kuchoka pa kutsitsa nkhani kuti wolipira asakhumudwe, kufika pa kugulitsa nkhaniyo, mtunda wake si wautali monga mmene ndinkaganizira ndisanakhale pampando wa mkonzi.

Ena amati mankhwala ake ndi malamulo, ndipo mayiko anasankha njira zosiyana. Ku America lamulo la 1934 limaletsa nyumba zoulutsira mawu kusintha kapena kudula zimene wopikisana wanena mu uthenga wake, moti kanema amatha kuulutsa bodza pa 6:28 atalandira ndalama, n'kulitsutsa pa 6:31 pa nkhani. Ku Britain mauthenga andale olipira pa wayilesi ndi pakanema ndi oletsedwa, zipani zimangopatsidwa nthawi yaulere yochepa. Ine ndimaona kuti njira ya Britain ili ndi nzeru, chifukwa imachotsa munthu wa zamalonda uja pakhomo la mkonzi. Koma basi yofiira ija inayenda m'dziko lomwelo. Ukaletsa kugula nthawi pakanema, andale amapenta basi n'kuiimika pamene makamera a nkhani ali. Lamulo limatseka khomo lolipira, la nkhani limakhala lotsegula.

Intaneti yangowonjezera liwiro. Tsopano chipani chimatha kupanga kanema, kumuika pa Facebook ndi ndalama zochepa kapena osalipira n'komwe, n'kutumiza kwa atolankhani kuti "taonani uthenga wathu watsopano". Mauthenga ena satsatsidwa paliponse kupatula pa nkhani. Mu Okutobala 2019 Elizabeth Warren, amene ankafuna upulezidenti ku America, anaika dala pa Facebook uthenga wabodza wonena kuti Mark Zuckerberg, mkulu wa Facebook, ali kumbali ya Trump, pofuna kusonyeza kuti kampaniyo siunika zonena za andale m'mauthenga olipira. Mfundo yake inali yomveka, koma njira yake inali yomweija: ndalama zochepa pa uthenga, atolankhani n'kunyamula katundu yense. Kumapeto a mwezi womwewo Twitter inalengeza kuti yaletsa mauthenga andale olipira, ndipo mu 2023 inawalolanso. Chinanso chatsopano n'chakuti uthenga umatha kutumizidwa kwa kagulu kosankhidwa, mtolankhani osauona n'komwe. Choncho timathera mphamvu pa uthenga umene atiponyera dala, pamene wina, umene sakufuna kuti tiuone, ukuyenda mwakachetechete m'mafoni a anthu.

Chimene chimatayika pa zonsezi ndi nthawi. Nkhani za madzulo zili ndi mphindi zowerengeka. Wofufuza Daniel Hallin anawerengera kuti mu 1968 wopikisana pa upulezidenti ku America ankamveka akulankhula pa nkhani za pakanema masekondi 43 osadulidwa, koma pofika 1988 anali masekondi 9. M'masekondi 9 munthu sangafotokoze mmene adzapezere ndalama za zipatala. Angathe kungonena mawu okonzedwa kale, ofanana ndi a mu uthenga wake wolipira. Kafukufuku wa Thomas Patterson wa ku Harvard pa chisankho cha 2016 anapeza kuti nkhani zokhudza mfundo za opikisana zinali pafupifupi 10 pa 100 zilizonse, pamene zokhudza amene ali patsogolo pa mpikisano zinali zochuluka kanayi. Ndikakumbukira misonkhano yathu ya m'mawa, funso limene tinkafunsana pa uthenga watsopano linali lakuti, kodi uwagwira anthu? Kodi winayo ayankha bwanji? Tinkalankhula ngati alangizi a zipani, osati ngati anthu otumidwa ndi omvera.

Sindikuti mtolankhani azikhala chete bodza likamayenda. Zimenezo n'kuthawa ntchito, ndipo pali mabodza ena amene afalikira kale moti kusawatsutsa ndi kuwavomereza. Chimene ndinaphunzira n'chakuti musanatsutse muyambe mwafunsa kuti bodzalo lafika pati. Ngati alimva ndi anthu ochepa a masana, kuliika pa 7 koloko ndi kulisenza pamutu n'kulifikitsa kumene lokha silikanafika.

Pa chisankho chotsatira ndinali ndidakali pampando womwewo, ndipo uthenga wina wa mtundu womwewo unabwera, uwu wonena za mankhwala osowa. Unali utayamba kale kuyenda m'mafoni, choncho kuusiya sikukanatheka. Tinakangana kwa ola lathunthu. Mtolankhani wachinyamata ankati omvera ali ndi ufulu womva okha zimene zikutsutsidwazo, ndipo mfundo yake sinali yopepuka. Pomaliza tinagwirizana chonchi: wowerenga ayambe ndi chimene chili choona, m'mawu osavuta, chiganizo chimodzi. Kenaka anene kuti chipani chakuti chikufalitsa zosiyana ndi zimenezi, afotokoze m'mawu ake osasewera uthengawo, opanda nyimbo, opanda kulira. Kenaka abwereze choona chija, ndipo amve kuchokera kwa munthu weniweni amene nkhaniyo imamukhudza, kuti choonacho nacho chikhale ndi mawu a munthu osati manambala okha. Tinawonjeza chinthu chimodzi chimene poyamba sitinkachiganizira: kunena amene analipira uthengawo, ndi kuti analipira kuti umveke kangati. Tinaulutsa kawiri, pa nambala yachitatu, n'kupita ku nkhani zina.

M'mawa mwake mneneri wa chipanicho anandiimbira. Ndinkayembekeza kuti adandaula kuti tawatcha abodza. Sanatchule n'komwe zimenezo.

"Bwana mkonzi, bwanji simunausewere uthenga wathu kuti anthu amve okha?"

Anafunsa katatu, m'njira zitatu zosiyana.

Azakhali anga anakhala zaka zina zisanu ndi ziwiri chichitikire za belu zija. Ndinawafotokozera kangapo konse, tsiku lina ndinachita kuwatengera chikalata chija n'kuwawerengera chaka chimene chinasayinidwa. Ankagwedeza mutu, n'kunena kuti amva. Koma nthawi iliyonse munthu uja akatchulidwa pa wayilesi, mpaka chaka chomaliza cha moyo wawo, ankatembenuka n'kufunsa, "Si uja wa malo a sukulu ameneyu?"